Kugwa Kwachinayi kwa a Nikodemo

Munthu atha kuyenda mpaka ku Beira kukaona sitima zazikulu ngati mudzi, atha kufika ku Harare, ku Lusaka, ngakhale ku Joni kumene nyumba zimakanda mitambo, koma Njira ya Mtanda yonga ya kwa Mauwa sangaipeze. Kwinako amangozungulira m'tchalitchi, kuima pa chithunzi ichi, kugwada pa chithunzi icho, thukuta osatuluka n'komwe. Kwa Mauwa ayi. Kumeneko likafika Lachisanu Loyera mpingo wonse umatuluka panja: mtanda weniweni, asilikali a zipewa za makatoni ndi zikwapu za khonje, ulendo wa makilomita atatu kuchokera pa tchalitchi mpaka pamwamba pa kaphiri ka Nakhwala. Ndipo kwa zaka zisanu ndi zinayi zotsatizana, wosenza mtandawo m'malo mwa Ambuye anali mmodzi yekha, a Nikodemo Mulipa.

A Nikodemo sanali munthu wamba, ndipo ankaonetsetsa kuti aliyense akudziwa zimenezo. Anachoka pamudzi ndi kabudula mmodzi wong'ambika kumbuyo, nakagwira ntchito m'migodi ya ku Joni zaka khumi ndi zinayi. Anabwerako ndi njinga ziwiri, wailesi ya makaseti, malata makumi anayi, ndi chipsera chachitali pamsana. Tsopano anali ndi ng'ombe zamkaka zitatu zimene anakazitenga okha wapansi ku Mikolongwe. Koma chimene ankanyadira koposa chinali miyendo yawo. Ankakweza buluku pagulu, n'kumenya katumba ndi chibakera.

"Gwirani apa! Uwu ndi mnofu kapena mwala? Miyendo iyi inatsika pansi pa dziko, inakwera, sinandipusitsepo tsiku ndi limodzi lomwe."

Chipsera cha pamsana chija ndicho chinabala nkhani ya mtanda. Chaka chawo chomaliza kumgodi, denga la ngalande linagumuka n'kuwatsekera masiku awiri mumdima. Ali mmenemo analonjeza Mulungu mokweza kuti akatuluka amoyo adzasenza mtanda zaka khumi, pa phewa lawo, mpaka pamwamba pa kaphiri ka kwawo. Mnzawo wa kumudzi, Che Nasibu, amene ankakumba miyala kutsidya kwake, anamva lonjezolo ndi makutu awo. Chaka cha 1998 chinali chakhumi, chomaliza.

Ndiye m'mwezi wa Febuluwale mutu unayamba kuwavuta. Mwana wawo Chrissy, amene ankagwira ntchito ya zaumoyo m'midzi, anawakokera kuchipatala cha kwa Mauwa, ndipo kumeneko anawapeza ndi matenda a kuthamanga kwa magazi. Anawapatsa timapiritsi toyera, kamodzi m'mawa uliwonse, n'kuwauza kuti azimwa madzi okwanira chifukwa timapiritsi timeneto timatulutsa madzi m'thupi. Potuluka a Nikodemo analumbiritsa Chrissy ndi mayi ake, a Matilda, kuti munthu asamve. A Vincent, akatekisiti, anali atayamba kale kunong'ona kuti zaka makumi asanu ndi limodzi si zosenzera mtanda.

Timapiritsito tinagwira ntchito, mutu unaleka. Koma tinasandutsa a Nikodemo mpopi. Akamwa m'mawa, pofika masana anali atazungulira kuseri kwa nyumba kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Lachisanu Loyera likuyandikira, nkhawa inawagwira. Njira ya Mtanda ndi maola atatu. Ndani anaonapo Ambuye akutula mtanda pakati pa njira, n'kulowa m'munda wa nandolo, mpingo wonse ukudikira? Anthu angaseke mpaka ku Limbe.

Koma munthu amene anagwira ntchito kumgodi sasowa nzeru. Kumeneko, ngalande ikadzaza madzi, amayamba apopa kaye, ikauma ndiye anthu n'kutsika. A Nikodemo anaganiza zodzipopa okha. Lachinayi m'mawa anamwa piritsi lawo monga mwa masiku onse. Masana anamwa lina mobisa, ndipo kuyambira pamenepo madzi sanawayandikirenso. Lachisanu m'mawa anameza awiri ndi malovu okha. Chakudya ndiye panalibe nkhani, linali tsiku losala.

Ngati zimenezo zinali zochepa, panalinso za mtanda. Wakale unali utadyedwa ndi chiswe. A Vincent anati akhome wina wa matabwa opyapyala, wopepuka.

"Wa matabwa? Mukundiona ngati mwana wa sukulu?" anatero a Nikodemo. "Ine ndinkasenza zitsulo zoboolera miyala, a Vincent, inu mukusenza choko."

Lachinayi lomwelo anapita kwa Nchema, anagwetsa bulugama wamuwisi, anamusema, namusenza okha dzuwa lili pamutu mpaka kufika naye pa tchalitchi. Malaya anachita kufinyidwa.

Lachisanu m'mawa, akuvala mkanjo woyera kuseri kwa tchalitchi, anaitana mkulu wa asilikali. Ameneyu anali Geoffrey, mwamuna wa Chrissy, mkamwini waulemu amene masiku onse akakumana ndi apongozi ake panjira ankapatuka n'kuvula chipewa. Tsiku limeneli lokha ndi limene mpingo unkamupatsa chikwapu.

"Inu a Geoffrey, chaka chatha mumachita chiyani? Mumandipirikitsira ntchentche?"

"Ayi bambo, kungoti dzanja limalemera. Ndinu apongozi."

"Lero kulibe apongozi. Lero menyani zenizeni, anthu alire. Ndi chaka changa chotsiriza ichi. Ndikakuwa, musasiye. Ndikanena kuti ndisiyeni, ndiye muwonjezere. Mwamva?"

"Ndamva, bambo."

"Bwerezani."

"Mukanena kuti ndikusiyeni, ndiwonjezere."

Ulendo unayamba dzuwa litakwera. Mvula inali italeka sabata ziwiri zapitazo, kumwamba kunalibe ndi kamtambo komwe, ndipo nthaka inkatulutsa chifundizi ngati uvuni wa njerwa. Kutsogolo kunali a Vincent ndi buku lawo ndi chimkuzamawu cha mabatire. Pambuyo pawo a Nikodemo, opanda nsapato, chisoti chaminga kumutu, madzi ofiira a chidede atawapaka kumaso ngati magazi, bulugama ali pa phewa. Kenaka asilikali asanu ndi mmodzi, kenaka khamu la anthu mazana anayi kapena kuposa, ena ochokera kutali kwa Nchema ndi ku Mikolongwe, kudzaona munthu wa miyendo yamwala akumaliza lonjezo lake.

Mwambo wake ndi wodziwika. Pali malo khumi ndi anayi poima n'kupemphera, ndipo wosenza mtanda amagwa katatu, osapitirira, osaperewera. Kugwa koyamba a Nikodemo anakuchita ndi luso la zaka zisanu ndi zinayi: bondo limodzi pansi, phewa kupendekera, fumbi kobo! Amayi anayamba kusisima. Geoffrey anatsitsa chikwapu, phwa! A Nikodemo mumtima anati, eya, mwanayu wamva.

Pa malo achisanu ndi chimodzi, mayi amatuluka m'khamu kudzapukuta nkhope ya wosenza mtanda. Chaka chimenecho anali Chrissy. Atayandikitsa nsalu yake anaima kaye. Milomo ya bambo ake inali itang'aluka, yotuwa, maso atalowa m'kati.

"Bambo," ananong'ona, "mwamwa madzi lero?"

A Nikodemo anayang'ana kumwamba ndi nkhope yachisoni, monga mwambo umafunira. Wosenza mtanda sacheza panjira.

"Bambo, ndikukufunsani."

"Yenda, mayi iwe!" anakuwa msilikali wina, nam'kankhira pambali.

Kugwa kwachiwiri kunadutsa bwino, ngakhale podzuka a Nikodemo anaona timoto tikuuluka m'maso ndipo dziko linapendekera pang'ono. Anamva kanthu kakuphethira m'katumba wa kumanja, ngati kachala kakugogoda m'kati. Sanakalabadire. Chimene chinkawasangalatsa n'chakuti maola awiri anali atatha ndipo chikhodzodzo chili phee. Nzeru za kumgodi!

Kugwa kwachitatu kunkachitikira patsinde pa kaphiri, pafupi ndi okala ya Che Nasibu. Iwo anali Msilamu, ndipo chaka chilichonse tsikuli ankatseka zenera la okala yawo mwaulemu, n'kuima pakhonde manja kumbuyo mpaka khamu litadutsa. A Nikodemo anagwa, anakwapulidwa, anadzuka. A Vincent anatembenuza tsamba. Kugwa kunali kutatha. Chotsala chinali kukwera chitunda basi, mamita mazana atatu, lonjezo n'kutha.

Anaponda kakhumi pa chitundacho. Poponda kakhumi ndi chimodzi, chidendene chili m'mwamba, kulemera konse kwa bulugama kuli pa zala, katumba wa kumanja anakokana.

A Nikodemo anagweredwapo ndi mwala pamsana. Anazulidwapo dzino ndi pulayala ku hositelo ya ku Joni. Ng'ombe inawapondapo phazi. Koma chinthu chonga ichi chinali chisanawachitikirepo. Zinali ngati munthu walowetsa dzanja m'kati mwa mwendo, wagwira mnofu wonse, n'kumaupota monga amayi apotera chitenje pochapa. Phazi linaloza pansi lokha, zala zinapindikira kumapazi, mwendo unakana mwini wake. Anagwa chagada ngati thumba la chimanga, mtanda n'kuwatsatira, khu! pambali pa nthiti.

"Mayo ine! Mwendo!"

Khamu lonse linati zii. Kenaka mayi wina kumbuyo analira mokweza, anzake n'kumulandira.

"Ee, chaka chino ndiye a Mulipa achita kuonjeza," ananong'ona bambo wina. "Taonani mmene akugubudukira. Ngati zenizeni!"

A Vincent anatembenuka, kukamwa kuli yasa. Anayang'ana m'buku. Anabwerera tsamba limodzi, awiri. Anawerenga ndi zala: pa chigayo kamodzi, pa mlatho kachiwiri, pa okala kachitatu. Anayang'ananso m'buku, kuopa kuti mwina zaka zonsezi pali tsamba limene ankalidumpha.

Geoffrey analibe buku. Iye anali ndi malangizo. Anakweza chikwapu, phwa!

"Dzuka!"

"Geoffrey! Mwendo! Mwendo wanga!"

Phwa!

"Ndisiye, Geoffrey! Ndati ndisiye!"

Mkamwini anakumbuka zimene anabwereza m'mawa uja. Anatseka maso, napempha chikhululukiro mumtima, nawonjezera. Phwa! Phwa! Asilikali enawo, poona mkulu wawo walimbika, nawonso anathandiza. Amayi tsopano ankalira modzigwetsa. A Nikodemo anayesa kudzuka ndi mwendo wa kumanzere kuti athawe zikwapu, ndipo pomwepo katumba wa kumanzere nayenso anakokana.

Zimene zinatuluka m'kamwa mwawo pamenepo sizili m'buku lililonse la mapemphero. Zinayamba m'Chinyanja, zinadutsa m'Chilomwe cha agogo awo, zinakathera m'chilankhulo cha kumgodi chimene akapitawo amatukwanira. Anatchula Geoffrey, anatchula mbuzi, anatchula ndi kwawo kwa Geoffrey komwe.

Kulira kunaduka ngati wina wazimitsa wailesi. Chikwapu cha Geoffrey chinaima m'malere. Amayi a bungwe, ovala zoyera, anagwira pakamwa. Chisoti chaminga chinali chitagubudukira m'ngalande, mkanjo utakwera mpaka m'ntchafu, ndipo aliyense amene anali pafupi anaona miyendo yotchuka ija. Akatumba anali atatupa mfundo ngati mbatata, ndipo pansi pa khungu china chake chinkayenda, kutukumuka apa, kuphwa, kutukumuka apo.

"Muli chinthu m'mwendomo!" anakuwa mayi wina akubwerera chambuyo. "Chikuyenda!"

"Aponda mankhwala! Wina watchera panjira!"

"Ndi njoka, yawaluma njoka!"

"Afa ziwalo, thamangirani ansembe!"

Anthu anafutukuka n'kusiya bwalo. Panalibe wofuna kukhudza. A Nikodemo ankamenya nthaka ndi zikhato, misozi yeniyeni ikutsuka chidede kumaso, ndipo kwa nthawi yoyamba chitulukireni mumgodi anaganiza kuti akufa.

Ndiye munthu wovala kanzu ndi kachipewa koyera anang'amba khamu ndi zigongono. Anali Che Nasibu. Sanapemphe chilolezo kwa wina aliyense. Anagwada, anagwira phazi la kumanja, analitsamiritsa pamimba pawo.

"Aaa! Che Nasibu!" A Vincent anaiwala kuti chimkuzamawu chili pakamwa, mawu anamveka mpaka kutsidya kwa dambo. "Mukuchita chiyani? Amenewo ndi Ambuye!"

"Ambuye ake ati? Uyu ndi Niko, ndinagona naye chipinda chimodzi zaka khumi, amaliza mkonono ngati thirakitala. Iwe msilikali, taya chingwecho, kanikiza bondo ili liwongoke. Kanikiza!"

Geoffrey anakanikiza bondo la apongozi ake. Che Nasibu anagwira zala zopindika zija n'kuzikankhira kumsongolo, pang'onopang'ono, ndi mphamvu ya munthu wozolowera kukweza matumba a mchere. A Nikodemo anakuwa kamodzi, kukuwa koti mbalame zinabalalika mumtengo wa mango. Kenaka mfundo ija inayamba kusungunuka. Che Nasibu anagwirabe, akuwerenga chamumtima, kenaka anasisita katumbayo kuchokera pansi kukwera m'mwamba, n'kusamukira ku mwendo winawo.

"Palibe njoka pano, palibe mankhwala," anatero osadzutsa mutu. "Uku ndi kukokana basi. Ine mwezi wa Ramadani wapitawu kwandigwira katatu, ndikupalasa njinga kuchokera ku Limbe ndi katundu, dzuwa lili ng'a, kukhosi kuli gwa. Kamodzi ndinagwera m'munda wa eni ake. Niko, wamwa liti madzi iwe?"

A Nikodemo anayang'ana kumbali.

"Ndikufunsa iwe, mwana wa Mulipa."

"Dzulo," anayankha ndi mawu aang'ono. "Masana."

"Dzulo masana! Ndi bulugama uja unadutsa naye pano ukuchucha ngati ng'ombe yolima? Ife timasala, koma dzuwa likalowa timamwa. Iwe wasala ngati mwala!"

Apa n'kuti Chrissy atafika, nsalu yake ili m'manja, ndipo pambuyo pake a Matilda, akupuma mwawefuwefu. A Matilda sanalire ngati amayi ena aja. Anamasula mfundo ya pa chitenje chawo, natulutsa kapepala ka pulasitiki ka kuchipatala.

"Chrissy, taona ichi. Ndachipeza m'mawa pansi pa mphasa. Lachitatu munali asanu ndi awiri. Muli angati?"

Chrissy anayang'ana, nayang'ananso. Nkhope yake inasintha.

"Atatu. Bambo! Mwamwa anayi m'masiku awiri?"

"Matilda, bisa chimenecho," ananong'ona a Nikodemo. "Anthu akuona."

"Aone! Akuonerani kale ntchafu, chatsala n'chiyani? Abambo a Chrissy, mumafuna ndikhale wamasiye pa Pasaka?"

"Mapiritsi a chiyani?" anafunsa a Vincent, mwatsoka chimkuzamawu chikadali pakamwa.

"A BP!" anayankha a Matilda, ndipo iwo sanafunike chimkuzamawu.

Mawuwo anayenda m'khamu kuchokera kutsogolo mpaka kumchira. A Mulipa ali ndi BP. A Mulipa a miyendo yamwala. Anthu ankayang'anana ngati amva kuti phiri la Chiradzulu ndi la makatoni.

"Koma chifukwa chiyani, bambo?" Chrissy anagwada, atagwira dzanja lawo pamkono kumvera kugunda kwa mtima. "Anakuuzani kamodzi patsiku. Ndinalipo."

Panalibenso pobisala. A Nikodemo anafotokoza za mpopi, za munda wa nandolo, za ngalande ya kumgodi imene amayamba aipopa. Ankayembekeza kuti wina aseka. Palibe anaseka. Chrissy anaika manja kumutu.

"Mayi anga ine! Munthu si ngalande, bambo! Mapiritsi amenewa satulutsa madzi okha, amatulutsa ndi mchere wa m'thupi umene mnofu umagwirira ntchito. Piritsi limodzi lokha limatha kukokanitsa munthu mwendo. Inu mwamwa anayi, madzi mwakana, chakudya mwakana, dzulo mwatuluka thukuta tsiku lonse, lero mwasenza mtengo wauwisi pa dzuwa ili, chitunda, opanda nsapato, pa msinkhu wanuwu. Zonse zimene timauza anthu kuti zimabweretsa kukokana, inu mwazisonkhanitsa tsiku limodzi ngati mukupita nazo ku msika! Amayi oyembekezera amakokana popanda kudziputira, a matenda a shuga chimodzimodzi. Inu mwachita kukuitana. Ndipo thokozani kuti wakokana ndi mwendo. Mtima nawonso ndi mnofu, mukudziwa?"

Mawu otsirizawo anagwera pa khamu ngati madzi ozizira. A Matilda anakhala pansi pomwepo, pafumbi.

Che Nasibu anali atapita kale ku okala. Anabwera ndi chigubu cha madzi, shuga m'kapepala, mchere pachikhato, ndi phava la nthochi. Chrissy anasakaniza m'kapu yaikulu yachitsulo, nalawa, napereka.

"Imwani."

A Nikodemo anatseka pakamwa. "Lero n'kosala. Zaka zisanu ndi zinayi sindinalawepo kanthu tisanafike pamwamba."

"A Vincent, auzeni."

Akatekisiti anatsitsa chimkuzamawu tsopano. "Odwala sawerengedwa pa kusala, a Mulipa. Mukudziwa inunso."

"Ine sindikudwala!"

"Chabwino," anatero Chrissy. "Njira zilipo ziwiri. Mumwe, mudye, mupume, ndione ngati mungaime. Apo ayi tikukwezani pa kaliyala ya njinga ya Che Nasibu pompano, mkanjo womwewo, mpaka kuchipatala, mtanda akamalize Geoffrey."

A Nikodemo anakweza maso. Pamwamba pa kaphiri pankaoneka bwinobwino, mulu wa miyala umene amazikapo mtanda, pafupi poti munthu atha kuponya mwala kangapo n'kufika. Zaka khumi zinali zitatsala mamita ochepa amenewo. Anatambasula dzanja. A Matilda anawapatsa kapu.

Anamwa. Anamwanso. Anawanyamulira pamthunzi wa mango, ndipo anthu mazana anayi anakhala pansi m'mbali mwa msewu, kuonerera mwakachetechete wosenza mtanda akusenda nthochi. Ana amene anayesa kuseka anatsinidwa. A Vincent anayambitsa kolona kuti nthawi ipite. Geoffrey anakhala patali, mutu uli pakati pa mawondo, chipewa cha katoni chili pansi.

Patatha pafupifupi ola, Chrissy anawaimiritsa pang'onopang'ono. Miyendo inali yowawa ngati yomenyedwa ndi musi, koma inagwira.

"Mukwera," anatero, "koma Geoffrey anyamule kumchira kwa mtanda. Zikwapu zatha. Mukangomva kuphethira, muime. Tikatsika, kuchipatala."

"Ayi. Ndinalonjeza kusenza ndekha."

"Wekha?" Che Nasibu anaseka koyamba tsiku limenelo. "Niko, mumgodi muja unatuluka wekha? Tinakumba anthu asanu ndi mmodzi, zikhadabo zinatha izi. Tinachita kukukoka miyendo yomweyi, ukulira amayi ako. Mulungu amene unamulonjezayo anaona zonsezo. Lero adabwe kuti wina wakugwirira kumchira?"

A Nikodemo anayang'ana zikhadabo za mnzawoyo. Kenaka anaitana osatembenuka.

"A Geoffrey."

Mkamwini anabwera chokwawa ndi mawondo. "Bambo, pepani. Munanena nokha kuti mukati ndikusiyeni..."

"Ndikudziwa zimene ndinanena. Dzanja lanu ndalimva, silolemeranso ayi. Gwirani uko."

Anakwera. Pang'onopang'ono, phazi lonse pansi monga Che Nasibu anawalangizira, bulugama pa phewa, Geoffrey kumchira, Chrissy kumanja, a Matilda kumanzere ndi chigubu. Che Nasibu anaperekeza mpaka pamene pathera munda wawo, naima pomwepo manja kumbuyo. Khamu linkatsatira mopanda phokoso, aliyense maso ali pa akatumba aja.

Atatsala mapazi makumi awiri kuti afike pa mulu wa miyala, a Nikodemo anaima.

"Kwayambanso?" anafunsa Chrissy.

Anapukusa mutu. Makapu anayi a madzi anali atakumana ndi mapiritsi a m'mawa aja. Anayesa kupirira, anapanikiza mawondo, koma zinali zosatheka. Anakodola Geoffrey, namunong'oneza. Geoffrey anatuzula maso, napita kukanong'oneza a Vincent. A Vincent anayang'ana m'buku lawo kachitatu tsiku limenelo, ngakhale ankadziwa kuti mulibe thandizo. Kenaka anakweza chimkuzamawu.

"Akhristu nonse, tembenukani! Yang'anani ku phiri la Chiradzulu. Amayi a kwaya, yambitsani nyimbo. Yaitali. Wocheuka ndimuona."

Anthu mazana anayi anapereka misana. Nyimbo inayamba. Ndipo a Nikodemo Mulipa, amene anatsala pang'ono kudzipha pothawa chinthu chimenechi, anatsamiritsa mtanda pa phewa la mkamwini wawo, anakwinya mkanjo, nalowa motsimphina m'munda wa nandolo. Kwaya inaimba ndime zonse, n'kubwerezanso yoyamba.

Atatuluka anasenzanso mtanda wawo. Mapazi makumi awiri aja anawayenda osaima. Pa mulu wa miyala anautula, naugwira ndi manja awiri, chipumi chili pa khungwa la bulugama, ndipo anakhala choncho mpaka a Vincent atamaliza mapemphero onse otsala. Za kumangirira munthu pamtanda chaka chimenecho Chrissy anakaniza, ndipo panalibe wotsutsa.

Potsika anapeza Che Nasibu atapopa kale matayala, pa kaliyala atayala thumba. A Nikodemo anakwera cham'mbali ngati mayi wopita kusikelo, miyendo ili lende. A Matilda anamanganso kapepala ka mapiritsi pa mfundo ya chitenje chawo, n'kuikoka kawiri.

"Kuyambira mawa, awa mukalandira kwa ine," anatero. "Limodzi. Ndi kapu ya madzi, ndikuyang'ana."

Njinga inanyamuka kulowera kuchipatala. Anadutsa mlatho. Pafupi ndi chigayo a Nikodemo anakhosomola.

"Nasibu."

"Ee?"

"Iwe wayenda ngati ine. Ku Joni, ku Beira, konseko. Unamvapo za munthu amene anagwa kanayi ndi mtanda n'kukafikabe pamwamba?"

Che Nasibu anapalasa kawiri, katatu.

"Gwira chishalo, Niko," anatero. "Ukagwa kachisanu, ine sindiima."